Mulungu ankadziwa kuti phiri la Soche ligumuka? Mwana wandifunsa, ndasowa chonena

mphunzitsi_wachinyamata

Abale ndithandizeni. Ndimaphunzitsa kalasi ya achinyamata ku tchalitchi kwathu kuno ku Blantyre, ambiri ndi ana a sekondale, ndiye Lamulungu lapitali tinali pa phunziro la mmene Mulungu alili, zija timaloweza kuti ndi wamphamvuzonse, amadziwa zonse, ndi wachikondi, sasintha. Pali mnyamata wina wa Folomu 4, wofatsa, nthawi zambiri amangokhala kumbuyo osayankhula, tsikulo anakweza mkono nkufunsa kuti "Aphunzitsi, Mulungu ankadziwa kuti phiri la Soche ligumuka usiku uja?" Mwanayu anataya azakhali ake ndi ana awo awiri ku Chilobwe nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, mtembo wa mwana mmodzi sunapezeke mpaka lero. Ine ndinati eya ankadziwa. Iye akuti akanatha kuletsa? Ndinati eya. Akuti nanga bwanji sanaletse, poti inuyo aphunzitsi mukanadziwa bwenzi mutathamanga kukagogoda zitseko za anthu usiku womwewo.

Ndinathawira komwe tonse timathawira, kuti Mulungu anatipatsa ufulu wosankha ndipo zoipa zimabwera chifukwa anthu timasankha molakwika. Mwana uja anangoti "koma mvula ilibe ufulu wosankha, matope sasankha." Kalasi yonse zii. Kenako anawonjezera lina lomwe landisowetsa tulo, akuti nanga anthu akukwiririka muja Mulungu anamva kuwawa mumtima? Poti mwangotiuza kumene kuti sasintha, ndiye munthu wosasintha angamve bwanji chisoni chomwe dzulo analibe. Mwayi wanga nthawi ya mapemphero aakulu inakwana, ndinapulumukira pamenepo, koma ndinamulonjeza kuti tipitiriza sabata ya mawa.

Chonde musandiuze kuti "muuzeni angokhulupirira", zimenezo ndikuzidziwa ndipo mwanayu sikuti akufuna kuchoka mu mpingo, amabwera sabata iliyonse wapansi. Ndikufuna amene munawerengako zinthuzi mundiuze kuti anthu oteteza chikhristu amayankha bwanji, komanso ngati mayankhowo amagwiradi kapena timangodzinamiza.

mkulu_wa_mpingo_Dedza

Aphunzitsi, pepani ndi mtolo umenewu. Ine si wophunzira kwambiri koma ndakulira mu Sinodi ya Nkhoma ndipo ife funso limeneli tili nalo poyambira. Mpingo wathu unachokera kwa amishoni a Dutch Reformed amene anayamba ku Mvera mu 1889, ndiye tinalandira Katekisma wa Heidelberg wa 1563, ndipo pa funso 27 amanena mosapsatira kuti mvula ndi chilala, zaka za zokolola ndi za njala, thanzi ndi matenda, zonsezi sizibwera mwangozi koma zimadutsa m'dzanja la Atate. Choncho kwa mwanayo musazembe, Mulungu sanangodziwa chabe, phirilo linali m'dzanja lake. Ndikudziwa kuti ndi mawu olemera. Koma taganizani mbali inayo, Mulungu woti phiri lamudzidzimutsa, wadzuka m'mawa nkumva pa wailesi ngati ife, ameneyo angatonthoze ndani? Mawa kukabwera china adzadzidzimukanso.

Chifukwa chake chenichenicho sitinapatsidwe. Deuteronomo 29:29 akuti zinsinsi ndi za Yehova, zowululidwa ndi zathu ndi ana athu. Yosefe anadzazindikira patapita zaka zambiri kuti zimene abale ake anamuchitira mwa nkhanza Mulungu anazitembenuza kuti apulumutse anthu ku njala, koma ali m'dzenje muja sakanaziona. Mumuuze mwanayo zimenezi mofatsa.

ndinathawa_seminale

Achimwene mwanayu ndi filosofa, musamutaye. Funso wafunsalo ndi lakalekale, anthu amati linayamba ndi Epicurus wa ku Greece, ndipo David Hume, filosofa wa ku Scotland, analibwereza m'buku lake lomwe linatuluka mu 1779 iye atamwalira kale: ngati Mulungu akufuna kuletsa zoipa koma sangathe ndiye kuti alibe mphamvu, ngati angathe koma safuna ndiye kuti si wabwino, ngati angathe ndipo akufuna nanga zoipazi zikuchokera kuti. Ife tinakhala nalo chaka chathunthu mkalasi ku seminale ndisanaone kuti unsembe si wanga (nkhani ina imeneyo, amayi anga sanandikhululukirebe).

Poyamba musiyanitse kudziwa ndi kuchititsa, chifukwa ana ambiri amaziphatikiza. Boethius, filosofa wachikhristu wa ku Roma, analemba za zimenezi ali mndende cha m'ma 524 akudikira kuphedwa, anati Mulungu sali mkati mwa nthawi ngati ife, kwa iye kulibe dzulo ndi mawa, zonse amaziona pakamodzi. Thomas Aquinas, mphunzitsi wamkulu wa Akatolika, anadzapereka fanizo la munthu amene ali pamwamba poona msewu wonse. Tinene kuti mwakhala pamwamba pa phiri la Zomba mukuyang'ana kumunsi, mukuona minibasi ikuchokera uku ndi lole ikuchokera uko, oyendetsawo sakuonana chifukwa cha kona koma inu mukuona zonse, kuona kwanuko sikumene kukuyendetsa magalimotowo. Ndiye "kudziwiratu" ndi mawu athu ife okhala mu nthawi, iye amangoona basi.

Za mphamvuzonse, Aquinas yemweyo anati sizitanthauza kuti Mulungu angachite zinthu zodzitsutsa zokha, monga kupanga chinthu chozungulira chokhala ndi makona anayi. Nchifukwa chake funso lija ana amakonda lakuti angalenge mwala woti iye mwini alephere kunyamula silimawaopsa anthu amenewa, amati amenewo ndi mawu ongolumikiza opanda kanthu mkati. Ndipo Baibulo lomwe likuti pa Ahebri 6:18 Mulungu sangathe kunama. Apa ndi pomwe Alvin Plantinga, filosofa wachikhristu, anagwira mu 1974 poyankha J. L. Mackie, filosofa wosakhulupirira Mulungu, amene mu 1955 analemba kuti kukhulupirira Mulungu wabwino wamphamvuzonse pamene zoipa zilipo ndi kudzitsutsa. Plantinga anati kulenga anthu a ufulu weniweni kenako nkuwakakamiza kuti azisankha zabwino zokhazokha ndi chimodzimodzi chozungulira cha makona anayi chija. Anthu ambiri a filosofi, ngakhale osapemphera, anavomereza kuti pa mfundo ya kudzitsutsayo Plantinga anayankha.

Koma mwana wanu walumpha zonsezi nkukafika pomwe pali povuta penipeni, matope. Augustine, mwana wa ku Africa konkuno, anabadwira ku Thagaste komwe pano ndi Algeria mu 354, iye ankati choipa si chinthu cholengedwa ayi, ndi kuperewera kwa chabwino, ngati chibowo pa chitenje, palibe fakitale yopanga zibowo. Ndimaikonda mfundoyi koma ndivomereze kuti munthu amene wakumba m'bale wake m'matope ndi khasu simungamuuze kuti chimene chamupha ndi chibowo. Yankho lina ndi lakuti dziko loti anthu azikhalamo nkumasankha zinthu liyenera kukhala ndi malamulo okhazikika, madzi omwe timamwa ndi omwewo amamiza, mphamvu imene imagwetsa mango mu mtengo ndi yomweyo imagwetsa miyala ya phiri, Mulungu atati azisintha malamulowa mphindi iliyonse sitingadziwe ngakhale kuti tikabzala chimera chiyani. Plantinga yekha anafika ponena kuti nkutheka kuti ngozi zachilengedwe zimachokera ku ufulu wa angelo ogwa, sananene kuti ndi mmene zilili, anangoti nzotheka.

WaKuJoni

Ine ndinasiya kupemphera kalekale ndiye ena mundinyoza koma aphunzitsi afunsa ngati mayankhowa amagwira, ndiye ndiyankhe.

Aseminale, fanizo lanu la phiri la Zomba lili ndi bowo lalikulu kuposa la chitenje chija. Munthu wakhala paphiriyo sanamange msewu, sanapange lole, sanaike kona pamenepo, komanso alibe njira yoimitsira. Mulungu wanu ndi amene anamanga zonse akudziwa mmene zidzathere ndipo ali ndi mabuleki m'manja. Inuyo mutakhala paphiripo muli ndi foni ndi nambala ya dalaivala nkungoyang'ana osaimba, kumudzi angakutcheni chiyani? Mwanayo wanena kale zogogoda zitseko, palibe wamuyankha.

Za Plantinga zoona anapambana, koma anapambana masewera aang'ono. Anangosonyeza kuti sizosatheka. Nane ndikhoza kunena kuti sizosatheka kuti ndiwine mamiliyoni mawa. William Rowe, filosofa wa ku America, mu 1979 anasintha funso, anati tisiye zakuti nzotheka kapena ayi, tifunse kuti poona kuchuluka kwa mavuto opanda phindu lililonse looneka, chanzeru kukhulupirira ndi chiti. Chitsanzo chake chinali kamwana ka gwape kopsa ndi moto wa mphezi m'nkhalango, kakuvutika masiku angapo nkufa popanda munthu woona, palibe waphunzirapo kanthu, palibe ufulu wa munthu wakhudzidwa. Ndipo zija za angelo ogwa, pepani, ameneyo ndi Napolo wovala suti basi. Agogo athu akamati Napolo wadutsa timawaseka kuti nzachikunja, mzungu wa ku yunivesite akanena zomwezo mu chingerezi tikuti filosofi.

Chomwe ndingavomereze ndi ichi. Mu 1755 chivomerezi chinagwetsa mzinda wa Lisbon ku Portugal pa 1 Novembala, tsiku la oyera mtima onse, anthu ali m'matchalitchi, ndipo Voltaire, mlembi wa ku France, analemba ndakatulo yonyoza aja ankati dziko lino ndi labwino koposa onse amene akanalengedwa. Rousseau, filosofa mnzake, anamuyankha kuti si chilengedwe chinaunjika nyumba zosanjikizana pamalo amodzi, ndi anthu. Ku Soche nakonso tonse tikudziwa, mitengo inatha ndi makala ndi nkhuni, anthu anamanga mpaka m'khosi mwa phiri chifukwa malo kumunsi ndi odula, ndipo ochenjeza analipo. Ndiye mbali ina ya mlandu ndi yathu, imeneyo muwauze anawo mwina adzabzala mitengo. Koma Freddy anayambira kufupi ndi Australia nkuyenda nyanja yonse kopitirira mwezi, sanatumidwe ndi wootcha makala wa ku Blantyre, komanso khanda lomwe linakwiririka lija silinadulepo mtengo.

Abambo a ku Dedza ndimakulemekezani chifukwa inu simuzemba. Koma mukuti dzanja la Atate. Bambo wake uti?

ndinathawa_seminale

A ku Joni pa fanizo la phiri mwandigwira, limangoyankha za kudziwa, za kusaletsa siliyankha, ndinayenera kunena. Pa Rowe anthu amayankha kuti "sindikuona chifukwa" ndi "palibe chifukwa" ndi zinthu ziwiri. Mwana wa miyezi isanu ndi inayi ku sikelo amayi ake amugwira mwamphamvu kuti abayidwe katemera, kwa iye ndi chiwembu, ndipo palibe chilankhulo chimene mayiyo angamufotokozere nacho. Ngati kusiyana kwa nzeru zathu ndi za Mulungu kuli kokulirapo kuposa pamenepo, kulephera kwathu kupeza chifukwa si umboni wamphamvu. Ndikudziwa muti yankho limeneli likhoza kuphimba chilichonse, ndipo ndi zoona ndi loopsa ukaligwiritsa ntchito mwaulesi.

Koma ndikufunseni nanunso, mukamati imfa ya khanda lija ndi yoipa, osati yongokunyansani inuyo koma yoipadi, muyezo umenewo mwautenga kuti ngati dziko ndi miyala ndi madzi zongogundana?

WaKuJoni

Funso limenelo Socrates, filosofa wakale wa ku Greece, anafunsa kale mbali inayo, chinthu chimakhala chabwino chifukwa Mulungu wachifuna, kapena amachifuna chifukwa ndi chabwino kale? Mukati choyambacho ndiye kuti akanafuna kuti kupha ana kukhale kwabwino kukanakhala. Mukati chachiwiri ndiye ubwino uli pawokha, ine ndikhoza kuupeza osadzera kwa iye. Ndikudziwa muyankha kuti ubwino ndi khalidwe lake lenilenilo, ndinazimva. Ndili pa shifiti ya usiku, ndibwera mawa.

mayi_wa_ku_Phalombe

Ana anga mwalemba zambiri ndipo zina zandipitirira, mdzukulu wanga ndi amene amandilowetsa muno. Koma nonse mwakangamira funso loyamba, lachiwiri lija lakuti kodi Mulungu anamva kuwawa palibe walikhudza, pomwe ine ndikuona ngati ndi limene mwanayo akufunadi.

Ine ndinaona madzi a mu 1991 atatsika m'phiri la Michesi, ndinali mtsikana wokwatiwa kumene. Miyala ikuluikulu ngati nyumba ikugubuduka, phokoso lake ngati ndege, m'mawa mwake malo amene panali mudzi pali mchenga wokhawokha. Ndinataya mng'ono wanga. Pa maliro anthu ankabwera nkumati "munkamukonda koma Mulungu wamukonda koposa", mawu aja timanena tonse aja, ine mumtima ndinkati chikondi chotani chokokera mwana m'matope. Zaka ziwiri ndinkapita ku tchalitchi thupi lokha. Abambo a ku Dedza, zimene mwanenazo mwina nzoona koma pa nthawi imeneyo wina akanandiuza kuti linali dzanja la Atate ndikanamutemera nkhuni yamoto.

Agogo anga ankasimba kuti kalekale Chauta ankakhala pansi pano ndi anthu ndi nyama ku Kaphirintiwa, munthu atapeka moto tchire linapsa, Chauta anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude nkutisiya. Nthawi imeneyo ndinkaona ngati agogo ndi amene ankanena zoona, Mulungu alipo koma anasamuka. Chimene chinandibweza si yankho, ndi vesi lalifupi lija la Yohane 11:35, Yesu analira. Ankadziwa kuti pakangopita kanthawi amudzutsa Lazaro koma analirabe pamanda. Ndiye ngati Yesu ndi Mulungu monga timanenera, mwanayo muuzeni kuti eya anamva. Zakuti zikugwirizana bwanji ndi kusasintha, aseminale atithandize.

Komanso aphunzitsi muwerenge naye Luka 13, pomwe Yesu akunena za anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, anakana poyera kuti sanali ochimwa kuposa ena. Chifukwa nthawi ya Freddy alipo alaliki ena ankati ndi chilango cha machimo a mu Blantyre, mwina mwanayo anazimva ndipo zikumudya, akuganiza kuti azakhali ake analakwa chiyani. Anzake a Yobu anachita bwino masiku asanu ndi awiri oyamba pomwe anangokhala naye pansi osayankhula, atayamba kufotokoza zifukwa ndi pomwe analakwa, ndipo kumapeto Mulungu anakwiyira iwowo osati Yobu amene ankafunsa mafunso.

ndinathawa_seminale

Amayi zikomo, mwatibweza pa njira. Nkhani imeneyi akhristu okhaokha sagwirizana. Chiphunzitso chakale, cha Akatolika ndi cha Apresibateriya chomwe, chimati Mulungu mu umulungu wake savutika, Chivomerezo cha Westminster cha m'ma 1640 chimanena kuti alibe thupi, alibe zigawo, ndipo satengeka ndi zomvaimva ngati ife. Sankatanthauza kuti ndi wouma mtima, ankatanthauza kuti chikondi chake ndi chodzaza kale, sichikwera ndi kutsika ngati chathu, palibe chingamugwedeze kuchokera kunja. Mavesi ngati Genesis 6:6 pomwe akuti anamva chisoni kuti analenga munthu amati ndi kulankhula mwa umunthu kuti timve, poti Malaki 3:6 akuti sasintha. Za kulira kwa Yesu amati amene analira ndi Mulungu Mwana ndithu, koma analira mu umunthu umene anautenga.

Ena anakana. Jürgen Moltmann, wa ku Germany, anali mnyamata wa usilikali pomwe mzinda wa Hamburg unkaphulitsidwa mu 1943, bomba linapha mnzake amene anaima naye pafupi iye nkutsala, kenako anakhala mkaidi wa nkhondo. Mu 1972 analemba buku lonena za Mulungu wopachikidwa, mfundo yake inali yakuti amene sangavutike sangakondenso, ndipo pa mtanda Atate nawonso anamva kuwawa kotaya Mwana. Omutsutsa amati munthu womira safuna mnzake womira naye, amafuna woima pa mtunda ndi chingwe. Ine pandekha ndimapendekera kwa akale aja m'mutu, koma pamaliro ndimapezeka ndikulankhula ngati Moltmann, ndiye kaya ndine wa mbali iti.

mphunzitsi_wachinyamata

Zikomo nonse, ndawerenga kawiri. A ku Joni musaope palibe akunyozeni, mfundo ya foni ndi dalaivala ija ndi imene mwanayo adzanene ndithu ndiye bola ndaimvera kuno. Ndaganiza kuti Lamulungu ndikayamba ndi kuvomera pamaso pa kalasi kuti yankho langa la ufulu wosankha silinakwane pa nkhani ya matope, kenako Luka 13 ndi Yohane 11 monga anenera amayi. Za Boethius ndi Plantinga ndizisunga, akafunsa ndidzatulutsa, ndipo ndikudziwa afunsa. Ndamuimbiranso mayi ake kupempha kuti Loweruka ndikacheze kwawo, akuti ndibwere masana akaweruka ku msika, ndipo andiuza kuti mwanayo amasungabe yunifolomu ya msuweni wake uja sanapezeke.

Abambo a ku Dedza, funso 27 lija ndaliwerenga, ndili ndi funso limodzi. Katekismayo akamati zonse zimadutsa m'dzanja lake, kwanuko mumasiyanitsa zimene Mulungu amafuna ndi zimene amangolola, kapena mumati ndi chimodzi? Chifukwa mwanayo akadzandifunsa zimenezo sindikufuna ndidzaname.